Musathamangire alternator yaikulu: kukonza magetsi a pikapu kuti anyamule firiji, nyali ndi winchi

November akangolowa, pabwalo pomwe ndimagwirira ntchito kuno ku Rosettenville, mu mzinda wa Joni, sipasowa pikapu yoyasamula boneti. Ndi nyengo imene a kwathu amakonzekera ulendo wa Khirisimasi. Wina wagula firiji ya m'galimoto kuti nyama ikafike kumudzi isanaonongeke, wina wamangirira nyali zazikulu kutsogolo, wina waika winchi poti msewu wa kwawo ukagwa mvula umasanduka dambo. Zonsezi ndi zabwino. Koma walira mvula walira matope: chilichonse mwa zinthuzi chimadya magetsi, ndipo galimoto inachoka kufakitale ndi magetsi ongokwanira zimene inabadwa nazo.

Chaka chatha kunabwera bambo wina wachikulire wa ku Ntcheu ndi Hilux yakale ya dizilo.

"Achimwene, ndipezereni alternator yaikulu. Iyi yatopa."

"Bambo, mwaiyezetsa?"

"Kuyezanso chiyani? Batire likumatha usiku uliwonse, m'mawa ana akumachita kundikankha."

Nditaika mita yoyezera magetsi, alternator ija, yomwe ntchito yake ndi kutchaja batire injini ikulira, inali kutulutsa 14.2V bwinobwino. Vuto linali pena. Firiji anailumikiza mwachindunji ku batire lolizira injini, ndi kawaya konga ka wailesi, kopotokola ndi dzanja n'kukulunga tepi. Waya wa earth wochokera ku batire kupita ku bodi unali utachita ndere yobiriwira, ndipo nditaugwedeza unatsalira m'manja. Akanagula alternator yatsopano tsiku limenelo, akanataya ndalama, ana n'kumakankhabe galimoto m'mawa.

Ndiye ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake, ndipo alternator imabwera kumapeto. Nthawi zambiri simufikako n'komwe.

Yambani ndi pepala ndi cholembera

Musanagwire sipana, lembani zonse zimene mukufuna kuwonjezera ndi magetsi amene chilichonse chimakoka. Pa zipangizo zambiri amalemba ma watt. Kuti mupeze ma amp, gawani ma watt ndi 12. Nyali ya LED ya 120W imakoka pafupifupi 10A. Firiji ya malita 40 mpaka 60 imakoka 3A mpaka 5A ikamazungulira, koma siizungulira nthawi zonse, imapumira. Pampu yopopera matayala yabwino imatha kukoka 30A kapena kuposa. Inverter ya 1,000W ikalemedwa mokwanira imakoka pafupifupi 90A mpaka 100A, zomwe ambiri sakhulupirira mpaka ataona waya ukufuka utsi. Winchi ndiye chilombo: ikamakoka galimoto yotitimira m'matope imadutsa 300A, nthawi zina 400A.

Galimoto payokha, usiku, nyali zoyaka, fani ikuzungulira, mawaipa akugwira ntchito, imadya pakati pa 30A ndi 40A. Ikani pepalapo nambala imeneyi.

Kenako gawani zinthuzo pawiri. Pali zimene zimagwira ntchito injini ikulira: nyali, pampu, winchi. Izi mtolo wake umagwera alternator ndi batire loyamba. Pali zimene zimagwira ntchito injini itazima: firiji, nyali za pamsasa, kutchaja mafoni. Izi alternator sizikuikhudza, ngakhale mutagula ya 200A. Injini ikazima, alternator yagona. Zimafuna batire lachiwiri. Bambo wa ku Ntcheu uja apa ndi pamene anasokonezera.

Firiji yokoka 4A, ikamazungulira theka la nthawi, imadya 48Ah pa tsiku, ndiye kuti ma amp 4 kuchulukitsa ndi maola 12. Kumeneko ndi kuno ku Joni komwe kumazizira usiku. Mukafika ku Tete mu December, komwe kutentha kumafika 40°C, firiji siipuma, ndipo nambala ija imakwera kwambiri. Muwerengere za ku Tete, osati za ku Rosettenville.

Chinanso, ngati muli ndi Land Cruiser yakale ya dizilo, onetsetsani kaye ngati ndi ya 12V kapena 24V. Zina zinabwera ndi mabatire awiri olumikizana kupanga 24V. Pamenepo musatenge 12V pa batire limodzi kuti mudyetse firiji, mudzapha mabatire onse awiri. Pamafunika kachipangizo kotsitsa 24V kufika pa 12V.

Yezani zimene muli nazo

Multimeter yotchipa ndi yokwanira. Galimoto itagona usiku wonse, ikani mita pa mitu ya batire. Batire lodzaza limaonetsa 12.6V kapena kuposa pang'ono. Likaonetsa 12.2V ndiye kuti lili pa theka. Likatsika pansi pa 12V lili m'mavuto, litchajeni kenako mukaliyezetse kwa ogulitsa mabatire, ali ndi makina oyezera mphamvu yake polilemetsa. Batire lodwala limapangitsa alternator yabwino kuoneka yoipa.

Lizani injini. Pa galimoto zakale muyenera kuona pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Yatsani zonse, nyali zazikulu, fani pa liwiro lomaliza, n'kukweza injini kufika 2,000 rpm. Ikakhalabe pamwamba pa 13.5V, alternator ili moyo.

Musachite chija timaona pamsewu, chochotsa waya wa batire injini ikulira kuti "tione ngati alternator ikutchaja". Pa galimoto za makolo athu zinkapulumuka. Pa galimoto ya kompyuta, magetsi amalumpha mwadzidzidzi n'kuotcha zinthu zodula kuposa alternator yomwe mumayezayo.

Tsopano muyeso umene anthu ambiri saudziwa, koma ndi umene umaulula mbava yeniyeni. Injini ikulira, zonse zoyaka, ikani chingwe chimodzi cha mita pa bawuti yaikulu ya kumbuyo kwa alternator, china pa mutu wa positive wa batire. Mita ikuonetsani magetsi amene akutayika panjira. Akapitirira 0.5V, waya kapena polumikizira pali vuto. Kenako chingwe chimodzi pa thupi la alternator, china pa mutu wa negative. Apa musalole kuposa 0.2V. Pa Hilux ya bambo uja ndinapeza pafupifupi 1V ikuthera mu earth yowola. Alternator inkatumiza 14.2V, batire n'kumalandira zotsalira.

Pomaliza, yendani ndi galimoto mphindi makumi awiri mita ili pa batire, wina akuyang'ana. Ngati nambala iyamba pa 14V kenako n'kutsikira ku 13V kapena 12.6V injini itatentha, mwina n'kumakwera mukachotsa phazi pa mafuta, musaope. Galimoto yanu ili ndi alternator yolamulidwa ndi kompyuta, imene amati smart alternator. Zambiri zatsopano zili choncho, amachitira kusunga mafuta. Lembani zimenezi papepala paja chifukwa ndi zimene zidzasankhe chipangizo chotchajira batire lachiwiri.

Mawaya atatu aakulu

Musanakhudze chilichonse, zimitsani injini, chotsani makiyi, vulani mphete ndi wotchi yachitsulo. Masulani negative poyamba, ndipo pomaliza ntchito ndi imene mudzabwezere komalizira. Sipana ikakhudza positive ndi bodi nthawi imodzi negative ili pamalo, imafiira ngati khasu la pa ng'anjo. Ngati wailesi yanu imafunsa nambala yachinsinsi batire likachotsedwa, ipezeretuni.

Mawaya ake ndi awa: wochokera ku alternator kupita ku positive ya batire, wochokera ku negative kupita ku bodi kapena chasisi, ndi wolumikiza injini ku chasisi. Simukuchotsa akale ngati ali bwino, mukungowonjezera anzawo onenepa pambali. Waya wa 25mm² amakwanira galimoto zambiri, 35mm² ngati pali winchi kapena mukuganiza za alternator yaikulu m'tsogolo. Pa waya watsopano wa positive ikani fyuzi pafupi ndi batire, yoposa pang'ono mphamvu ya alternator yanu.

Pomangira earth, palani penti mpaka chitsulo chiwale. Mangani bawuti molimba, kenako pakani girizi kapena Vaseline pamwamba kuti dzimbiri lisalowe. Ndi ntchito ya mphindi zisanu imene anthu amaidumpha.

Ngati galimoto yanu ili ndi kachipangizo kakang'ono kokhala ndi pulagi pa mutu wa negative wa batire, ameneyo ndi mlonda wa kompyuta, amawerenga magetsi olowa ndi otuluka. Earth iliyonse yatsopano muimange ku bodi kapena chasisi, osati pa mutu wa batire pomulambalala. Mukamudumpha, kompyuta imawerenga zabodza n'kumatchaja molakwika.

Ndiime kaye pa nkhani ya waya, poti apa ndi pamene ambiri amapusitsidwa. Chiyambireni kuzimazima kwa magetsi kuno, makamaka mu 2023, mawaya a inverter ndi a mabatire adzaza paliponse, ena otchipa modabwitsa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambiri mwa otchipawo ndi aluminiyamu yopakidwa kopa pamwamba. Ine ndinagulapo mpukutu wathunthu pa shopu ina m'tauni, wofiira bwino, wonenepa, ndinachita kusangalala ndi mtengo. Nditafika pabwalo n'kudula, m'kati munali moyera ngati siliva. Waya woteroyo sapititsa magetsi ngati kopa, amatentha msanga, ndipo pamsewu wa mabampu amathyokera polumikizira. Pogula, palani kachingwe kamodzi ndi mpeni: kopa weniweni ndi wofiirira mpaka m'kati, komanso amalemera m'manja. Ulipo wina wabwino wa kopa wopakidwa tini, woyera kunja koma wofiirira m'kati, umenewo ndi wa m'maboti, gulani mukaupeza. Ndipo funsani kukula kwa chitsulo cha m'kati mu mm², chifukwa ena amakuyezerani pamodzi ndi chikopa cha pulasitiki.

Mapeto a waya afinyidwe mu lug, kachitsulo kokhala ndi bowo lolowetsa bawuti, ndi chofinyira chenicheni, osati kumenya ndi hamala pa mwala. Ngati mulibe, pitani ndi mawaya odulidwa kale kwa wa magetsi a galimoto akufinyireni. Vekani heat shrink pamwamba, kapaipi kaja kamene kamathina mukakatenthetsa. Kuwotcherera ndi mtovu kokha sikuyenera pa galimoto ya m'tchire, kumaumitsa waya ndipo amadzathyokera pomwe mtovu wathera.

Batire lachiwiri

Cholinga ndi chimodzi: firiji idye batire lake, lolizira injini lisakhudzidwe. Mugone pa Nyamapanda, pa malire a Zimbabwe ndi Mozambique, kudikira kuti geti litsegulidwe, m'mawa galimoto ilire kamodzi.

Mtundu wa batire. Batire wamba lolizira injini silinapangidwire kutsitsidwa kwambiri tsiku ndi tsiku, limafa msanga. Pamafunika la deep cycle, lopangidwira kutsitsidwa ndi kutchajidwa mobwerezabwereza. La AGM la 100Ah mumagwiritsa ntchito theka lokha, 50Ah, ngati mukufuna likhalitse. Bwererani papepala: firiji ija imadya 48Ah, ndiye kuti ndi tsiku limodzi basi. La lithium, mtundu wa LiFePO4, la 100Ah limakupatsani 80Ah kapena kuposa, ndipo ndi lopepuka, pafupifupi theka la kulemera kwa AGM kapena kucheperapo. Koma ndi lodula, silifuna kutentha kwa mu boneti, ndipo silitchajidwa kukazizira pansi pa 0°C. Musaseke. Mzinda uno uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo m'mawa wa June kapena July madzi amaundana panja. Gulani lokhala ndi chitetezo chake chokana kutchaja kukazizira choncho.

Maganizo anga: wopita kumudzi kamodzi pachaka, AGM ikumukwanira. Wogona m'tchire mwezi ndi mwezi, kapena wonyamula katundu wa anthu pakati pa Joni ndi Blantyre, lithium idzamubwezera ndalama zake.

Kumene mungaliike. Pikapu zina zili ndi malo mu boneti. Zambiri za masiku ano mulibe, ndiye limapita kumbuyo konyamulira katundu, m'bokosi lake. Limangidwe ndi mabawuti odutsa pansi, osati ndi chingwe cha labala. Batire la makilogalamu 30 lotayirira pa msewu wa mabampu ndi mwala woponyedwa. Batire la asidi lotsegula pamwamba musaliike m'kati mokhala anthu, limatulutsa mpweya woyaka potchaja.

Tsopano chotchajira. Njira ndi ziwiri.

Yoyamba ndi solenoid, swichi ya magetsi yodzilamulira yokha. Ikaona batire loyamba lafika cha m'ma 13.3V imalumikiza mabatire awiriwo, injini ikazima magetsi n'kutsikira cha m'ma 12.8V imawalekanitsa. Ndi yotchipa, yosavuta, ndipo pa Hilux, Isuzu KB kapena Land Cruiser yakale yokhala ndi batire lachiwiri la AGM pafupi imagwira ntchito zaka. Koma imafuna waya wonenepa, 25mm² kapena 35mm², poti batire lachiwiri likakhala lopanda kanthu limakoka zambiri nthawi imodzi.

Yachiwiri ndi tchaja ya DC-DC. Iyi imatenga magetsi aliwonse amene yapeza, ngakhale 12.5V, n'kuwakweza kufika pamene batire lachiwiri likufuna, ndipo imakoka mlingo umodzi wodziwika. Ngati munapeza kuti muli ndi smart alternator, kapena mwagula lithium, kapena batire lili kumbuyo kutali, palibe zokambirana, ndi DC-DC. Solenoid pa smart alternator imangotseka n'kutsegula, batire silidzaza. Pa lithium ndiye zoopsa: batirelo limameza magetsi ochuluka mpaka kupsereza alternator, komanso likadzaza limakhala pa 13.3V, solenoid yoona mbali zonse n'kumaganiza kuti injini ikulira. M'mashopu a 4x4 kuno mupeza za National Luna, yomwe ndi kampani ya konkuno, komanso za Victron, CTEK ndi Redarc. Ya 25A imakwanira anthu ambiri. Musatengeke ndi ya 50A musanawerenge, chifukwa ya 25A yokha imakoka pafupifupi 30A ku alternator. Ngati ndalama zilola, tengani yokhala ndi polowera sola. Sola ya 100W padzuwa labwino imapereka 5A mpaka 6A, ndipo mukakhala kumudzi masabata awiri galimoto ili pansi pa mtengo wa mango, sola ili padzuwa, firiji siizima.

Kayalidwe kake. Tiyerekeze DC-DC ya 25A, batire lili kumbuyo, mtunda wa waya mamita 6.

Tengani 16mm², positive ndi negative yomwe. Inde, mukoke waya wa negative kubwerera kutsogolo kapena kukamanga pa chasisi penipeni, musadalire bodi ya kumbuyo, imangokhala pa mabawuti a dzimbiri ndi penti. Pa 30A, mamita 12 opita ndi kubwerera, waya wa 16mm² amataya pafupifupi 0.4V. Wa 6mm² amataya kuposa 1V, ndipo magetsi otayikawo amasanduka kutentha.

Yambirani kumbuyo kubwera kutsogolo, batire mulumikize pomaliza. Waya adutse m'mbali mwa chasisi, m'kati mwa paipi ya pulasitiki yong'ambika pakati ija, womangidwa pa masentimita 30 aliwonse. Atalikirane ndi ekizozi, chiwongolero, ndi chilichonse choyenda. Pamene akuboola chitsulo ikani labala yotchinga m'mphepete mwa bowo. Waya wokhudzana ndi mpeni wa chitsulo sapsa tsiku loyamba. Amadikira makilomita oposa 1,600 a kugwedezeka, n'kudzapsera pakati pa Zobue ndi Mwanza, katundu yense ali pamwamba.

Fyuzi ziwiri, osati imodzi. Ina pafupi ndi batire loyamba, ina pafupi ndi lachiwiri, iliyonse isapitirire masentimita 20 kapena 30 kuchokera pa mutu wa batire. Chifukwa chake n'chakuti mabatire onse awiri ali ndi moto, waya akachita shoti pakati, onse amathira. Pa DC-DC ya 25A nthawi zambiri ndi fyuzi ya 40A, koma tsatirani kabuku kake. Gwiritsani zomanga ndi mabawuti, za mtundu wa MIDI. Zobaya zazikulu zija zimatentha n'kusungunula nyumba yake. Fyuzi ntchito yake ndi kuteteza waya, osati firiji, ndiye isakule kuposa zimene waya angapirire. Ndipo fyuzi ikapsa, funani chimene chaipsereza. Za kukulunga pepala la siliva la mu paketi ya fodya tizisiye.

Tchaja ikhale pafupi ndi batire lachiwiri, pamalo podutsa mphepo, chifukwa ikatentha imadzichepetsera mphamvu. Pa smart alternator, lumikizani kawaya kake kakang'ono ku magetsi amene amabwera pokhapokha injini yayatsidwa, kuti idziwe nthawi yoyamba ndi yoleka. Musaiwale kuiuza mtundu wa batire, AGM kapena lithium. Zina zimasankhidwa ndi batani, zina ndi kawaya, zina pafoni.

Kuchokera pa batire lachiwiri pitani ku kabokosi ka mafyuzi, chipangizo chilichonse ndi fyuzi yake. Firiji ipatseni waya wa 4mm² kapena 6mm² ndi fyuzi ya 15A, ndipo musailowetse pa pulagi yoyatsira fodya, imasolokera pa mabampu firiji n'kuzima inu osadziwa mpaka fungo litakuuzani. Pulagi ya Anderson ya 50A, yotuwa ija, siisoloka.

Nyali ndi winchi

Izi zipite ku batire loyamba. Nyali zidutse pa relay, swichi yoyatsidwa ndi magetsi yonyamula mtolo waukulu, yokhala ndi fyuzi yake, swichi ya m'kati ingolamula relay. Zilumikizidwe kuti ziziyaka pokhapokha nyali zazikulu zayaka, kuti mukatsitsira mnzanu wobwera kutsogolo zonse zitsike limodzi. Malamulo a pamsewu kuno ndi okhwima pa nyali zowonjezera, makamaka zomangidwa padenga, ndipo a JMPD, apolisi a mzinda wa Joni, ali ndi ufulu wokuimitsani. Funsani kaye kumalo oyezera galimoto musanaboole denga.

Winchi palibe alternator imene ingaidyetse yokha. Imadya batire, alternator n'kumabwezera pambuyo. Ndiye batire loyamba likhale lamphamvu, mawaya akhale amene anabwera ndi winchiyo kapena onenepa kuposa, ndipo pakhale swichi yaikulu yodulira positive pamene simukuigwiritsa ntchito. Pokoka, injini izilira mokwezeka pang'ono, kokani masekondi 30, pumulani, kokaninso. Kayeserereni ku Hennops, malo oyeserera galimoto za m'tchire cha ku Pretoria, Loweruka lina, osati kukaphunzirira pa mtsinje wa kwanu madzi akukwera.

Tsopano, alternator ija

Bwererani papepala. Galimoto 35A, nyali 10A, DC-DC 30A, zonse 75A. Werengani chikwangwani cha pa alternator yanu. Ngati ndi ya 120A kapena kuposa, isiyeni, mwamaliza. Ngati ndi ya 70A kapena 80A, ili pampanipani. Nambala yolembedwayo ndi ya pamene ikuzungulira mofulumira isanatenthe. Injini ikamangolira pamalo amodzi, monga pamzere wa pa Beitbridge, imapereka mwina theka kapena kuposerapo pang'ono. Ine ndimafuna mtolo wa nthawi zonse usapitirire magawo atatu mwa anayi a mphamvu yake.

Njira yotchipa ndi kuchepetsa mtolo: tchaja ya 20A m'malo mwa 25A, kapena swichi yozimitsira tchaja usiku pamene nyali zonse zayaka. Zikakanika, ndiye gulani yaikulu, koma yang'anani izi.

Miyendo yomangira ndi pule zifanane ndi zakale, apo ayi lamba adzayenda mokhota n'kudyeka. Pulagi ya kumbuyo ifanane osati maonekedwe okha, komanso ntchito ya waya aliyense. Pa galimoto yomwe kompyuta imalamula alternator, yatsopanoyo iyenera kumvana ndi kompyutayo, apo ayi nyali ya batire siizima pa dashibodi. Pa ma dizilo akale, monga Hilux za injini ya 3L ndi 5L kapena Isuzu KB ya 4JA1, pa alternator pali pampu yothandiza mabuleki, yokhala ndi mapaipi a oilo. Mukagula yopanda pampu, buleki idzauma ngati mwala. Ndaonapo munthu atabwera nayo m'bokosi, yonyezimira, yochokera pa intaneti, yopanda pomangira pampu, wogulitsa osayankhanso foni.

Funsaninso kuti imapereka zingati injini ikamalira pang'onopang'ono. Zina zolembedwa nambala zazikulu, makamaka zokulungidwanso kuti zikwere mphamvu, zimapereka zochepa pa liwiro lotsika kuposa yakale yanu, pamene galimoto ya m'tchire nthawi yambiri imakwawa. Ndipo lamba mmodzi wopyapyala wa V amayamba kuterereka ndi kulira mukadutsa 100A. Ikani lamba watsopano, mukungeni bwino, mudzamukungenso pakatha sabata.

Waya wa positive ndi fyuzi yake zikwezedwe molingana ndi alternator yatsopano. Ngati munachita kale mawaya atatu aja ndi 35mm², mungosintha fyuzi.

Kuyesa musananyamuke

Bwezerani negative. Injini isanalire, yezani mabatire onse awiri n'kulemba. Yatsani firiji kwa ola limodzi: lachiwiri litsike pang'ono, loyamba lisasunthe. Likasuntha, penapake mwalumikiza molakwika.

Lizani injini. Pakapita kanthawi, batire lachiwiri liyambe kukwera kulowera ku 14V. Yatsani zonse kwa mphindi 15, kenako yendetsani dzanja pa fyuzi iliyonse ndi polumikizira paliponse, mosamala ndi lamba ndi fani. Kufunda pang'ono si vuto. Pamene pakuotcha chala, pamenepo ndi potayirira, zimitsani mumange. Bwerezani muyeso wa magetsi otayika uja kuti muone kusiyana ndi poyamba.

Kenako isiyeni galimoto usiku wonse firiji ikuyaka, muli mabotolo a madzi, pakhomo panu pomwe. Chitani zimenezi kutatsala sabata ziwiri, osati usiku woti mawa mukulowa msewu wa N1. Mukayenda makilomita 500 oyamba, cha ku Musina, tsegulani boneti mukhudzenso mabawuti onse ndi sipana.

M'kabokosi ka kutsogolo musungemo multimeter, fyuzi ziwiri za mtundu uliwonse umene mwaika, relay imodzi yapadera, tepi, sipana ya 10 ndi ya 13, ndi pepala lojambulapo waya aliyense kumene wachokera ndi kumene wapita, kuti makaniko wa pa Mwanza kapena pa Dedza asadzayambe n'kudula mawaya pofufuza.